Cha Tonse Chili ndi Eni Ake

M'chaka cha 2004 anthu a m'mudzi wa Gurb, m'dera la Osona ku Catalonia, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Spain, analibe intaneti yodalirika. Makampani akuluakulu ankaona kuti kukoka mawaya mpaka kumafamu otalikirana n'kutaya ndalama. Ramon Roca, katswiri wa makompyuta wokhala komweko, anakweza kachipangizo ka wailesi pamalo okwera kuti kazitola intaneti kuchokera kutali. Anansi atamva anapempha kuti nawonso alumikizidwe, ndipo pangano lake linali lapafupi: aliyense agule chipangizo chake, achikweze padenga pake, koma alole kuti uthenga wa mnzake uzidutsa pomwepo kupita kwa wina wa kutsogolo. Netiwekiyi, yotchedwa guifi.net, lero ili ndi malo olumikizira ogwira ntchito oposa 30,000, ndipo mbali ina ndi ya mawaya a fibre amene anthu anasonkherana okha. Palibe kampani imene ingati ndi yake. Si ya bomanso.

Nkhani zotere ndi zimene zachititsa anthu ena ophunzira kunena kuti intaneti yatsegula njira yachitatu yoyendetsera chuma, pambali pa msika ndi boma. Njirayo ndi yoti anthu wamba azigwirizana okhaokha, wina ndi mnzake, popanda bwana pakati, n'kupanga chinthu chimene chidzakhale cha onse. Amawonjezera kuti midzi ndi matauni amene azolowera kuchita zinthu motero sagwa msanga mavuto akabwera, kaya ndi namondwe, kuthima kwa magetsi kapena kukwera kwa mitengo. Ine ndimakhulupirira mbali yaikulu ya mawu amenewa. Pamene ndimasiyana nawo ndi apa: intaneti yapeputsa kugawana nzeru, koma kusamalira chinthu chikapangidwa sikunapepuke ngakhale pang'ono. Mudzi umalimba kapena kufooka chifukwa cha ntchito yachiwiriyi.

Otsutsa ali ndi mfundo yakale ndithu. Mu 1968 Garrett Hardin, katswiri wa zamoyo wa ku America, analemba m'magazini ya Science nkhani imene inamveka dziko lonse. Anapereka chitsanzo cha dambo lodyetsera ziweto lotseguka kwa aliyense. Woweta akawonjezera ng'ombe imodzi, phindu lonse ndi lake, pomwe kutha kwa msipu kumagwera onse. Choncho aliyense amawonjezera, mpaka dambo lija kusanduka fumbi. Kwa iye mankhwala anali awiri: kugawa malowo kuti aliyense akhale ndi pake, kapena kuwapereka m'manja mwa boma. Maboma ndi mabungwe opereka thandizo anaikhulupirira mfundoyi, ndipo m'mayiko ambiri nkhalango ndi madzi zinachotsedwa m'manja mwa anthu amene ankazisamalira kale.

Elinor Ostrom wa ku Indiana University sanakangane naye pakamwa pokha. Anasonkhanitsa umboni wa malo enieni, n'kuutulutsa mu 1990 m'buku lotchedwa Governing the Commons. M'mudzi wa Törbel, kumapiri a ku Switzerland, muli chikalata cha mu 1483 chokhazikitsa gulu loyang'anira msipu ndi nkhalango. Lamulo la mu 1517 linaletsa munthu kutumiza kuphiri ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa yekha m'nyengo yozizira, ndipo ophwanya ankalipitsidwa chindapusa. Msipuwo sunathe kwa zaka mazanamazana. Ku Valencia, ku Spain, khoti la alimi othirira limakumanabe Lachinayi masana pakhomo la tchalitchi chachikulu. Oweruza ake ndi alimi osankhidwa ndi anzawo, ndipo mlandu wakuba madzi umakambidwa pakamwa n'kugamulidwa popanda maloya. Ku Nepal, ofufuza ogwira ntchito ndi Ostrom anapeza kuti ngalande zothirira zoyendetsedwa ndi alimi eni ake zinkafikitsa madzi kumunda wakumapeto bwino kuposa za simenti zomangidwa ndi kuyendetsedwa ndi boma. Mu 2009 Ostrom analandira mphoto ya Nobel ya zachuma, mayi woyamba kuilandira.

Zimene anaona n'zakuti dambo la Hardin linali lopanda mwini, pomwe chuma cha gulu chimakhala ndi eni ake odziwika. Kumene zinthu zinkayenda bwino, anthu ankadziwa amene ali m'gulu ndi amene sali. Malamulo ankapangidwa ndi omwe adzawatsatire, mogwirizana ndi nthaka ndi nyengo ya kwawoko. Oyang'anira anali anthu a pakati pawo omwe. Chilango chinkayamba pang'ono, chenjezo kaye, n'kumakula munthu akabwereza, chifukwa wolakwayo mawa mudzamufunanso pa ntchito yokumba ngalande. Milandu inkatha msanga, motsika mtengo. Ndipo boma linkavomereza kuti anthuwo ali ndi ufulu wodzipangira malamulo.

Ife sitifunika kupita ku Switzerland kuti tione zimenezi. Pachilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka m'nyengo ya dzinja, kuyambira cha m'Disembala mpaka cha m'Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumba, utaka n'kupeza mpata woswana. Potsegulira pamakhala mwambo, malamulo n'kukumbutsidwa pamaso pa onse: mowa, juga ndi chamba n'zoletsedwa, ndipo komiti ya asodzi imaweruza ophwanya. Akatswiri a zausodzi amatchula Mbenji ngati malo amene nsomba zasungika bwino poyerekeza ndi magombe ambiri a nyanja ya Malawi. Lamuloli silinachokere ku ofesi. Linagwira chifukwa amene analipanga ndi omwe amagona pafupi ndi madziwo.

Nanga intaneti inabweretsa chiyani chatsopano? Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anaika poyera pulogalamu imene ankalemba, n'kupempha aliyense wofuna kuti aione ndi kuikonza. Lero Linux ndi imene imayendetsa makompyuta ambiri osunga mawebusaiti, ndipo ili mkati mwa foni iliyonse ya Android. Wikipedia inayamba mu 2001, ndipo ya Chingerezi yokha ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni zolembedwa ndi anthu osalipidwa. Yochai Benkler, mphunzitsi wa zamalamulo, anafotokoza chifukwa chake m'buku la mu 2006, The Wealth of Networks. Ntchito yaikulu ikagawidwa m'tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo chida chogwirira ntchitoyo chili kale m'manja mwa anthu ambiri, munthu amatha kupereka ola lake limodzi popanda womulemba ntchito kapena womulamula. Chinanso n'chakuti nzeru sitha ukaigwiritsa ntchito. Nsomba imene wagwira iwe, ine sindingaigwirenso, koma nkhani imene wawerenga idakali yathunthu kwa ine.

Mphamvu ya njirayi inaoneka poyera ku Haiti. Chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince, opulumutsa anthu anapeza kuti mapu abwino a mzindawo kulibe. Anthu odzipereka pafupifupi 600 a m'mayiko osiyanasiyana anatenga zithunzi za setilaiti n'kuyamba kujambula misewu, milatho yogwa ndi misasa ya anthu othawa pa OpenStreetMap, mapu a aliyense amene anayambika ku Britain mu 2004. M'masabata ochepa mapuwo anakhala odalirika kuposa ena onse, ndipo magulu opereka thandizo ankayendera omwewo. Ntchito yonga iyi inachitikanso ku Chikwawa ndi Nsanje mu 2014, kusefukira kwa madzi kwa mu Januwale 2015 kusanafike. Pali malire ake komabe. Wojambula ali ku London amaona denga pachithunzi, koma sangadziwe ngati ndi sukulu, chigayo kapena nyumba ya nkhalamba yosatha kuyenda. Zimenezo amadziwa ndi munthu wa m'mudzimo, ndipo mapu amakhala ndi phindu pokhapokha iye atafunsidwa.

Michel Bauwens wa ku Belgium, amene anayambitsa P2P Foundation mu 2005, pamodzi ndi anzake monga Vasilis Kostakis wa ku Greece, anapititsa ganizoli patsogolo. Iwo amati chopepuka, monga mapulani a makina ndi malangizo ake, chizigawidwa dziko lonse kwaulere, pomwe cholemera, monga chitsulo, matabwa ndi ntchito ya manja, chizipangidwa pafupi ndi pamene chikufunika. Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, kampani ya Prusa ya ku Prague inaika poyera pulani ya chotchingira kumaso cha ogwira ntchito m'chipatala, ndipo anthu okhala ndi makina osindikizira zinthu zapulasitiki m'mayiko ambiri anayamba kupangira zipatala za kwawo.

Koma chitsanzo chimene chimandiphunzitsa kwambiri chili m'midzi mwathu, ndipo chinayamba intaneti isanafike. Mjigo wa Afridev, umene amayi amapopa m'mawa uliwonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, unayamba kupangidwa kuno ku Malawi mu 1981, kenako n'kukakonzedwa bwino ku Kenya mothandizidwa ndi UNDP ndi World Bank. Mijigo yakale ikawonongeka, pankafunika galimoto ndi gulu la amisiri ochokera ku boma kuti adzazule mapaipi olemera, ndipo mudzi unkadikira miyezi. Opanga Afridev anafuna mjigo woti anthu a m'mudzi, amayi omwe, azitha kuukonza okha. N'chifukwa chake ndodo zake ndi tizipangizo ta pansi zimasololedwa kudzera m'kati mwa paipi popanda kuizula, ndipo zida zofunika ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokolera. Zimene zimatha msanga ndi timarabala ndi tipulasitiki totsika mtengo. Chachikulu n'chakuti pulani yake si ya kampani iliyonse. Ndi yotseguka, imasungidwa ndi Rural Water Supply Network, ndipo fakitale iliyonse, kaya ku India kaya ku Africa kuno, ikhoza kupanga motsatira muyezo womwewo. Chipangizo cha fakitale ina chimalowa bwinobwino pa mjigo wa fakitale ina.

Zonse zimene Bauwens amalota zili pamenepa. Komabe kafukufuku wa m'mayiko a kum'mwera kwa Sahara amasonyeza kuti pafupifupi mjigo umodzi mwa inayi iliyonse umakhala wosagwira ntchito nthawi ina iliyonse. Ina inakumbidwa molakwika kapena pamalo opanda madzi okwanira, ndipo pamenepo mudzi ulibe mlandu. Koma yambiri imafa imfa yodziwika. Komiti imasankhidwa tsiku lopereka mjigo, imaphunzitsidwa masiku ochepa, bungwe lija n'kupita. Madzi akamatuluka, anthu saona chifukwa chosonkhera. Msungichuma akabwereketsa ndalama za thumba pa maliro, zosabwezedwa, ena amagwa ulesi. Mayi amene anaphunzira kukonza amasamuka. Tsiku limene rabala latha, m'thumba mulibe kanthu, sitolo yogulitsa zipangizo ili kutali, ndipo amayi amabwerera kudambo. Pamene mijigo imakhalitsa, kawirikawiri pamakhala kabuku kamene aliyense angaone, tsiku lodziwika losonkha, ndi mekaniki wa m'dera amene amalipidwa pa ntchito yake.

Matenda omwewa ali pa intaneti, ngakhale kuli anthu a ndalama. Mu Epulo 2014 kunapezeka chilema chotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yaulere imene imabisa manambala achinsinsi ndi mauthenga a anthu pa mawebusaiti. Mawebusaiti pafupifupi 500,000 anali pachiopsezo. Dziko linadabwa kumva kuti pulogalamu imene mabanki ndi makampani olemera ankadalira inkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 pachaka, ndipo oisamalira anali anthu owerengeka. Mu Malichi 2024 zinatsala pang'ono kuipa koposa. Kapulogalamu kotchedwa xz, kopezeka m'makompyuta ambiri a Linux, kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wodzipereka, amene anali atatopa. Wina wobisa dzina anadzionetsa ngati wothandiza kwa zaka zoposa ziwiri, mpaka anapatsidwa mphamvu zosintha zinthu, n'kubisamo khomo lolowera m'makompyuta a anthu. Chinapulumutsa dziko ndi chidwi cha injiniya wina, Andres Freund, amene anadabwa kuona kompyuta yake ikuchedwa ndi theka la sekondi n'kuyamba kufufuza.

Choncho ngozi ya chuma cha pa intaneti ndi yosiyana ndi ya dambo la Hardin. Sichitha chifukwa chodyedwa. Chimafa chifukwa chosowa wochisamalira, pomwe odyerera ali mbwee. Makampani olemera kwambiri padziko amamanga malonda awo pa Linux, pa OpenStreetMap ndi pa zolemba za Wikipedia. Ena amabweza ndithu, polipira antchito awo kuti azikonza mapulogalamuwo, koma ambiri amangotenga. Katswiri wa mapulogalamu Richard Stallman anaona vutoli kale, ndipo chiphaso chake cha GPL cha mu 1989 chimati aliyense akhoza kutenga pulogalamu n'kuisintha, koma akamagawira ena chimene wapangacho, nachonso chikhale chotseguka. Ndi mpanda woteteza kuti cha tonse chisasanduke cha mmodzi. Mpandawo suphikira wosamalira nsima.

Pali chinyengo china chofunika kuchizindikira. Makampani monga Uber ndi Airbnb anabwera ndi mawu okoma a kugawana, ndipo n'zoona kuti amalumikiza munthu ndi mnzake. Koma dalaivala wa Uber sakhala nawo pokonza mtengo, sasankha atsogoleri, ndipo akhoza kuchotsedwa popanda bwalo lomumvera. Gawo la ulendo uliwonse limapita kwa eni masheya akutali. Mafunso osiyanitsira ndi ochepa: amapanga malamulo ndani, angachotse mnzake ndani, ndipo zotsala zimapita kuti? Magulu athu a pa WhatsApp, amene amatithandiza kusonkha za maliro ndi kufalitsa chenjezo la madzi, ndi ofunika zedi, koma bwalo limene timakumanapolo ndi la kampani ya Meta, ndipo malamulo ake angasinthe osatifunsa.

Anthu a guifi.net anafika pamene anaona kuti mtima wabwino wokha sukwanira. Mu 2008 anakhazikitsa bungwe loteteza netiwekiyo pamaso pa malamulo, ndipo aliyense wolowa amavomera pangano lolembedwa. Sanaletse malonda. Makampani ang'onoang'ono a m'deralo amaloledwa kugulitsa intaneti kudzera pa netiweki ya onseyi, kukoka mawaya ndi kukonza zowonongeka. Koma kampani iliyonse imaonetsa ndalama zimene yaika pomanga ndi kusamalira, bungwe limayeza kuchuluka kwa mmene yagwiritsira ntchito netiwekiyo, ndipo amene watenga zambiri kuposa zimene waika amalipira kusiyanako kwa amene aika zambiri. Mikangano ili ndi njira yake yothetsera, yoyamba ndi kukambirana. Atsogoleri ake amanena poyera kuti anaphunzira kwa Ostrom. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu ya guifi.net ili m'kaundula ameneyu kuposa m'zipangizo za padenga, chifukwa wokwera pa mlongoti mvula ikugwa amakhala ndi malipiro.

Kufupi ndi kwathu, ku Mankosi, dera la midzi 12 ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, ofufuza a University of the Western Cape anayamba mu 2012 kugwira ntchito ndi anthu a kumeneko pomanga netiweki yotchedwa Zenzeleni. Kunalibe magetsi, choncho zipangizo zinkayendera dzuwa, ndipo mafumu ndi anthu ndi amene anasankha nyumba zodalirika zoikamo. Phindu loyamba limene anthu anaona silinali intaneti. Linali kutchaja mafoni motsika mtengo pa mabatire a sola aja, ndipo ndalama zake zinayamba kudzaza thumba. Mu 2014 analembetsa kopaletivi, bungwe loyang'anira zamauthenga la ICASA linawalola kugwira ntchito osagula chiphaso chodula, ndipo pambuyo pake anayamba kugulitsa intaneti ya mwezi wathunthu pa marandi 25. Ku Mexico, anthu a ku Talea de Castro, kumapiri a Oaxaca, amene makampani anawakana ati ndi ochepa, anaimika netiweki yawo ya mafoni mu 2013 mothandizidwa ndi bungwe la Rhizomatica, pogwiritsa ntchito mapulogalamu otseguka. Chigamulo chinapangidwa pa msonkhano wa mudzi, monga amachitira ndi nkhani za malo ndi madzi. Mu 2016 boma la Mexico linapereka chiphaso kwa bungwe la midzi yotereyi, Telecomunicaciones Indígenas Comunitarias. Wogwiritsa ntchito ankalipira mapeso pafupifupi 40 pamwezi, ndipo gawo lalikulu linkatsala m'mudzi.

Konseku makina anakhazikika pa gulu limene linalipo kale. Izi zikutifikitsa pa nkhani ya kupirira pa ngozi, pamene umboni ndi womveka bwino. Mu Julaye 1995 kutentha koopsa kunapha anthu oposa 700 mumzinda wa Chicago. Wofufuza Eric Klinenberg anayerekeza madera awiri oyandikana, onse osauka, onse okhala ndi okalamba ambiri. Ku North Lawndale anthu anafa mowirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi ku South Lawndale. Kusiyana kwake kunali m'misewu. Dera loyambalo linali la nyumba zosiyidwa ndi masitolo otsekedwa, moti okalamba ankaopa kutuluka, n'kufera m'zipinda zotseka mawindo. Dera linalo linali ndi misika, matchalitchi ndi anthu oyendayenda, ndipo nkhalamba ikapanda kuoneka, wina ankagogoda pakhomo. Daniel Aldrich, atafufuza midzi yoposa 100 ya m'mbali mwa nyanja ku Japan pambuyo pa tsunami ya mu 2011, anapeza zofanana: kudziwana ndi kukhulupirirana kwa anthu kunkalosera bwino za opulumuka kuposa kutalika kwa zipupa zotchinga madzi. Pakati pa chivomezi ndi kufika kwa mafunde panali mphindi zowerengeka, ndipo odwala ndi okalamba anapulumuka kumene kunali owadziwa oti awabereke kupita kumtunda.

Makina ali ndi malo ake m'nkhaniyi. Namondwe wa Sandy atamiza dera la Red Hook ku Brooklyn mu Okutobala 2012, mafoni ndi magetsi zinafa, koma kanetiweki kamene bungwe la m'deralo, Red Hook Initiative, linali litaimika kanapitiriza kugwira ntchito, ndipo anthu ankadziwitsana kumene kuli chakudya ndi thandizo. Pambuyo pake bungwelo linayamba kuphunzitsa ndi kulipira achinyamata a komweko kuti azisamalira netiwekiyo. Ku Puerto Rico, namondwe wa Maria atathimitsa magetsi pachilumba chonse mu Seputembala 2017, madera ena n'kukhala mumdima pafupifupi chaka, nyumba ya Casa Pueblo m'tauni ya Adjuntas inali yowala chifukwa inkayendera dzuwa kuyambira mu 1999. Anthu ankapita kukatchaja mafoni ndi kulumikiza makina a odwala, ndipo wailesi yake inkaulutsa mauthenga. Gululi linabadwa mu 1980 polimbana ndi migodi imene ikanawononga mapiri awo. Pofika tsiku la namondwe, anthu anali atakhulupirirana kwa zaka 37.

Ifenso tinaziona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Misewu itaduka, magetsi atathima, oyamba kufika anali anansi ndi makasu awo. Masukulu, matchalitchi ndi mizikiti ndi zimene zinasanduka misasa. Achibale a ku Johannesburg ndi ku Britain anatumiza ndalama pa foni, ndipo zinathandiza kwambiri, koma zinkafuna munthu wodalirika pansi pano woti azilandire, agule ufa, adziwe banja limene latsala opanda kanthu.

Sindikufuna kuti mudzi uoneke ngati paradaiso. Malire amene amateteza chuma cha gulu ndi omwenso amatsekera ena kunja. Ku Mbenji amayi saloledwa kufika pachilumba, pomwe kumtunda ndi iwo amene amayanika ndi kugulitsa nsomba zambiri, ndipo nkhani imeneyi ndi yofunika kukambidwa ndi eni dera mosabisa. M'makomiti ambiri mawu a obwera, achinyamata ndi osauka salemera ngati a abale a mfumu. Wikipedia nayo, ngakhale ili yotseguka kwa aliyense, olemba ake ambiri ndi amuna a m'mayiko olemera, ndipo mbiri za amayi zimangokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mbiri za anthu zimene zili mu ya Chingerezi. Ya Chichewa ili ndi nkhani zongopitirira pang'ono 1,000. Khomo ndi lotseguka, inde, koma kulemba kwaulere kumafuna nthawi, magetsi ndi bandulo, zinthu zimene mphunzitsi wa kumudzi amachita kuwerengera.

Choopsa china n'chakuti mawu akuti anthu adzidalire amakomera kwambiri boma limene likufuna kuthawa udindo. Mudzi ukhoza kusintha rabala la mjigo, koma sungakumbenso chitsime chimene chinakumbidwa molakwika. Ukhoza kuchenjezana za madzi, koma sungamange mlatho wa pa Ruo. Ostrom yemwe sananene kuti boma lichoke. Ananena kuti magulu ang'onoang'ono amalimba akakhala m'kati mwa magulu okulirapo, aliyense n'kugwira gawo limene angathe. Kumene zinthu zayenda, boma linasintha kachitidwe kake. Mzinda wa Bologna ku Italy unakhazikitsa mu 2014 lamulo lolola anthu kusainirana pangano ndi khonsolo kuti azisamalira bwalo, paki kapena nyumba yosiyidwa, khonsolo n'kupereka zipangizo ndi upangiri. Kenya inakhazikitsa mu 2021 chiphaso chapadera chotsika mtengo cha manetiweki a m'madera. Germany inayamba mu 2022 thumba la boma lolipira anthu osamalira mapulogalamu otseguka amene aliyense amadalira.

Luso loyendetsa zinthu za gulu kwathu kuno lilipo kale, ndipo aliyense amene anakhalapo pa banki m'khonde analiona. Njirayi, imene bungwe la CARE linayamba ndi amayi a ku Niger mu 1991, ili ndi zonse zimene Ostrom anapeza: mamembala odziwika, malamulo opangana okha, ndalama zowerengedwa mokweza pamaso pa onse, bokosi la maloko atatu amene makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, chindapusa chaching'ono kwa wochedwa, ndi tsiku logawana kumapeto kwa chaka. Amayi amene amasunga mamiliyoni a makwacha motere sangalephere kuyendetsa thumba la mlongoti wa intaneti kapena la magetsi a sola a pamsika, atapatsidwa mpata ndi maphunziro oyenera.

Bungwe la MACRA linalengeza ndondomeko ya Yathu Yathu Data, yoti makopaletivi azipereka intaneti yotsika mtengo m'madera akumidzi. Ganizoli ndi labwino, ndipo ndikufuna litheke. Poliyeza, tisamawerenge milongoti imene yaimikidwa tsiku lotsegulira. Tifunse ngati mamembala angachotse wapampando amene sakuwayendetsa bwino, ngati kabuku ka ndalama kamawerengedwa pa msonkhano, ndiponso ngati mtengo wa bandulo waphatikizamo ndalama zogulira mabatire atsopano, popeza mabatire a sola amatha pakapita zaka zochepa. Tifunsenso kuti mphezi ikawomba chipangizo m'mwezi wa Febuluwale, mnyamata kapena mtsikana wokwera kukachisintha amakhala m'mudzi momwemo kapena achokera ku Lilongwe, adzachipeza kuti chipangizo chatsopanocho, ndipo malipiro ake adzachokera m'thumba liti.